Kodi Magazi Angandiuze Ngati Ndikadali Wotetezeka ku Malungo?

Mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto, makalata amene timalandira kuchokera kwa Amalawi okhala mu Johannesburg amayamba kunena za ulendo wa kumudzi, ndipo chaka chino ambiri afunsa za malungo ndi za kuyezetsa magazi. Tasankhapo ochepa amene mafunso awo akuimira enanso ambiri, ndipo tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 41, kwathu ndi ku Nkhotakota kufupi ndi nyanja, ndipo ndakhala kuno ku Joni zaka 9 osapondako kumudzi. Ndili mwana ndinadwala malungo kambirimbiri, moti nditakula sankandigonetsanso. Ndinkangomva kuphwanya m'thupi tsiku limodzi basi. Mu Disembala muno ndikupita kukaona mayi anga. Mnzanga wina wandiuza kuti ku ma labu olipira amayeza ma antibody a malungo, ndipo akapezeka ndiye kuti chitetezo changa chikadalipo, choncho palibe chifukwa chotayira ndalama pa mapiritsi opewera malungo. Kodi ndikayezetse? — Wowerenga wa ku Rosettenville

YANKHO: Bambo, ndalama zimene mukufuna kukapereka ku labuzo musunge, mukagulire mapiritsi amene mukufuna kuwazembawo. Mnzanuyo sananame ponena kuti kuyeza koteroko kulipo, koma funso limene kuyezako kumayankha ndi lina, ndipo limene inu mukufunsa ndi linanso.

Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu, umalavulira m'khungu tizilombo ta Plasmodium falciparum, timene timayambitsa pafupifupi malungo onse a ku Malawi. Tizilomboti timathamangira m'chiwindi, mmene timakhala pafupifupi sabata imodzi tikuswana munthu osamva kalikonse, kenako timatuluka n'kulowa m'maselo ofiira a magazi. Mmenemo timaswananso n'kumaphulitsa maselowo pakatha maola 48 alionse, ndipo apa ndi pamene munthu amayamba kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya. Thupi nalo limapanga mapuloteni otchedwa ma antibody, amene amakakamira mbali zosiyanasiyana za kachilomboko. Kachilombo ka malungo kali ndi majini (ma gene, malangizo opangira mapuloteni ake) oposa 5,000, kotero kuti ma antibody amene munthu amapanga ndi amitundu yambirimbiri. Ena amatha pakangopita miyezi yochepa, koma ena, monga olimbana ndi mapuloteni a MSP-1 ndi AMA-1, amakhalabe m'magazi zaka zambiri mwa munthu amene anadwala mobwerezabwereza ali mwana. Amene labu imayeza ndi okhalitsawa. Choncho mukayezetsa n'kupezeka nawo, pepala la zotsatira lidzakuuzani chinthu chimene mayi anu akanakuuzani kwaulere, chakuti munakulira kudera la malungo. Mapazi a fisi amene munthu wawaona m'mawa pafupi ndi khola amamuuza kuti fisi anadutsa usiku, koma samuuza ngati kholalo lili lolimba.

Sikuti ma antibody alibe ntchito ayi. Mu 1961, ku Gambia, akatswiri Sydney Cohen ndi Ian McGregor pamodzi ndi mnzawo anatenga ma antibody m'magazi a anthu akuluakulu amene anakulira m'dera la malungo n'kubaya ana amene ankadwala, ndipo tizilombo tinachepa kwambiri m'magazi a anawo, thupi n'kusiya kutentha. Kuyambira pamenepo zakhala zodziwika kuti mbali yaikulu ya chitetezo cha munthu wamkulu ili m'ma antibody. Vuto ndi lakuti si onse amene amateteza, ndipo amene amatetezawo sagwira ntchito paokha. Kachilombo kakalowa m'selo lofiira, kamaika puloteni yake pamwamba pa selolo kuti limatirire m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono, lisakafike ku kapamba kumene likanawonongedwa. Puloteni imeneyi, yotchedwa PfEMP1, kachilombo kalikonse kali ndi mitundu yake pafupifupi 60, kamasintha mtundu thupi likangoyamba kuuzindikira, ndipo ngakhale tizilombo ta m'mudzi umodzi sitikhala ndi mitundu yofanana. N'chifukwa chake mwana wa kunyanja amadwala zaka ndi zaka asanafike polimba, pakuti thupi lake limakhala likusonkhanitsa ma antibody mtundu ndi mtundu.

Pa matenda a chiwindi a hepatitis B, dokotala amatha kuyang'ana pepala n'kunena kuti poti ma antibody afika pa 10 mIU/mL, munthuyu ndi wotetezeka. Pa malungo nambala yotero palibe, ndipo palibe labu iliyonse, kaya ya boma kaya yolipira, imene ingasaine kuti inu mukalumidwa simudwala. Wina akakulonjezani zimenezo, dziwani kuti akufuna ndalama zanu basi.

Komanso chitetezo chimene munali nacho ku Nkhotakota sichinali chathunthu ngakhale panthawiyo. Tizilombo tinkalowabe m'magazi mwanu. Thupi linkangotha kutiletsa kuti tisachuluke mpaka kukugonetsani, ndipo linkatha kutero chifukwa udzudzu unkalikumbutsa dzinja lililonse. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo malungo safala muno. M'dziko lino la South Africa amafala kumpoto chakum'mawa kokha, m'zigwa za Limpopo ndi Mpumalanga, kuphatikizapo Kruger National Park, ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal. Munthu akachoka kudera la malungo, chitetezo chake chimayamba kutsika pakangopita miyezi, ndipo amene wakhala kunja zaka zingapo madokotala amamutenga ngati munthu wopanda chitetezo. Pakati pa anthu a ku Africa okhala ku Ulaya zaoneka kuti ena amatsala ndi kachitetezo kochepa koletsa malungo kufika poopsa, koma palibe kuyeza kumene kungakuuzeni pasadakhale ngati inu muli m'gulu limenelo, ndipo ku Britain komweko ochuluka mwa odwala malungo ndi anthu obwerera kuchokera kokaona abale. Mu Gauteng namonso odwala ambiri ndi a paulendo, makamaka ochokera ku Mozambique ndi maiko ena oyandikana nawo, ndipo amachuluka mu Januwale tchuthi chikatha. Mmene ife tikuonera, chimene chimapweteketsa ambiri ndi mawu akuti "malungo ndimawadziwa", chifukwa munthu wowadziwayo amamwa Panado n'kupita ku ntchito, tsiku lachitatu n'kunyamulidwa atakomoka.

Mankhwala opewera amene anthu ambiri amamwa ndi awiri. Atovaquone-proguanil, amene kuno amagulitsidwa ndi mayina monga Malanil, mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanalowe m'dera la malungo, mumamwa tsiku lililonse pamodzi ndi chakudya, ndipo mumapitiriza masiku 7 mutatulukamo. Doxycycline ndi wotsikirapo mtengo, koma ayenera kupitirizidwa masabata 4 mutabwerako, ndipo sapatsidwa kwa amayi oyembekezera kapena ana osakwana zaka 8. Powerenga masiku musayambire pa chipata cha Mwanza, chifukwa basi yochoka pa Park Station imadutsa Musina ndi Beitbridge, kenako Nyamapanda ndi Tete m'chigwa cha Zambezi, ndipo aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa maola amene anthu amatha ataima panja pachipata, udzudzu ukuwaluma m'miyendo. Tengani neti yanuyanu yonyikidwa m'mankhwala, osadalira ya kumudzi imene mwina inang'ambika kale, ndi mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET. Chizolowezi chimene ena ali nacho chogula LA n'kumwa pobwerera, akuti "kutsuka m'thupi", sichilowa m'malo mwa zonsezi, pakuti LA ndi mankhwala ochizira munthu amene wayezedwa n'kupezeka ndi malungo, ndipo sakhudza tizilombo timene tikadali m'chiwindi.

FUNSO: Amuna anga anabwera kuchokera ku Mangochi mu Epulo, ndipo patatha masiku 10 anayamba kutentha thupi ndi kumva mutu. Pakiliniki ina anawabaya pachala, kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi, ndipo anawauza kuti ndi chimfine. Patapita masiku atatu tinawathamangitsira kuchipatala chachikulu akusanza ndi kubwebweta, komwe anawapeza ndi malungo n'kuwaika pa diripi. Atachira, patatha masabata atatu, tinagula kachipangizo ku famase ndipo kanaonetsa mizere iwiri, chonsecho iwo ali bwinobwino. Kodi tizipangizoti n'tabodza? — Mayi wa ku Cosmo City

YANKHO: Mayi, pepani ndi zimene munadutsamo, ndipo tithokoze Mulungu kuti bambo anachira. Tizipangizoti si tabodza, koma pali zinthu ziwiri zimene sititha kuchita, ndipo banja lanu lakumana nazo zonse motsatizana.

Kachipangizo koyezera mwachangu, kamene kuchipatala amati RDT, sikaona kachilombo kenikeniko. Namwino akabaya chala amatenga kadontho ka magazi n'kukaika m'kabowo kamodzi, amadonthezera timadzi ta m'kabotolo m'kabowo kena, ndipo magaziwo amayenda pang'onopang'ono m'kapepala ka mkati. Pakatha mphindi 15 kapena 20, mzere umodzi umangosonyeza kuti kachipangizoko kagwira ntchito, pomwe wachiwiri umatuluka ngati m'magazimo muli puloteni yotchedwa HRP2, imene tizilombo ta falciparum timatulutsa. Kuti mzere wachiwiriwo uoneke bwino pamafunika tizilombo pafupifupi 100 mpaka 200 mu microlitre imodzi ya magazi, imene ndi kagawo kakang'ono chabe ka dontho limodzi. Munthu amene chitetezo chake chatsika amatha kuyamba kudwala tizilombo tisanafike pa chiwerengero chimenecho, kotero kuti tsiku loyamba kachipangizo kakhoza kuonetsa mzere umodzi malungo alipo. Ngakhale kuyeza kwa maikulosikopu, kumene katswiri amapaka magazi pagalasi, n'kuwathira utoto wa Giemsa ndi kuwerenga tizilombo kamodzikamodzi, kumaphonya nthawi zina, chifukwa tizilombo tokhwima timakhala titamatirira m'timitsempha ta mkati, osayenda m'magazi a pachala. M'maiko ena, monga Eritrea, Ethiopia ndi Peru, mwapezekanso tizilombo timene sititulutsa HRP2 n'komwe.

N'chifukwa chake madokotala amaphunzitsidwa kuti munthu wochokera kudera la malungo akatentha thupi, kuyeza kumodzi sikukwanira kunena kuti alibe. Magazi ayenera kuyezedwanso pakatha maola 12 mpaka 24, ndipo ngati thupi likutenthabe, kachitatu. Palinso chizindikiro china chimene dokotala watcheru amachiona akayeza magazi onse: ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, amakhala ochepa mwa odwala malungo ambiri. Pakiliniki paja panafunika kuwauza bambowo kuti abwerenso m'mawa mwake. Koma tinenenso mosabisa kuti mu Johannesburg namwino amaona odwala chimfine ambirimbiri, makamaka nyengo yozizira ikamayandikira, ndipo malungo si matenda oyamba kubwera m'maganizo mwake. Choncho musadikire kufunsidwa, nenani mukangokhala pampando kuti, "Ndinali ku Malawi masabata awiri apitawo, ndikupempha mundiyeze malungo, ndipo akapanda kupezeka ndibweranso mawa." Ena amabisa ulendo wawo poopa kufunsidwa za mapepala, koma kubisa kumeneko n'kumene kumachedwetsa chithandizo.

Malungo saoneka pasanathe masiku 7 chilumidwireni. Ambiri amayamba pakati pa masiku 10 ndi 14, ndipo ochuluka amakhala ataonekera mwezi usanathe, ngakhale kuti ena amachedwa mpaka miyezi itatu, makamaka ngati munthu anamwa mapiritsi opewera modumphitsa. Kusanza kosalekeza, kusokonezeka maganizo, tulo tosadzukika, kupuma movutikira, chikasu m'maso ndi mkodzo wakuda ndi zizindikiro zoti munthu apite kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, kumene amabayidwa artesunate kudzera mumtsempha.

Mizere iwiri ya pambuyo pakeyo chifukwa chake n'chosavuta. Puloteni ya HRP2 imatsalira m'magazi masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposa pamenepo, tizilombo titafa kale, ndipo imachedwa kwambiri kutha mwa amene anali ndi tizilombo tochuluka. Kachipangizo, tsono, si koyezera ngati munthu wachira; ntchito imeneyo ndi ya maikulosikopu. Ngati bambo ali bwino asamwenso mankhwala chifukwa cha mizereyo, koma thupi likatenthanso apite akayezedwe pagalasi.

Kumudzi vutoli limakhala lotembenuka. Kumeneko anthu ambiri, makamaka ana a sukulu, amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala, choncho mizere iwiri siitanthauza nthawi zonse kuti chimene chikumudwalitsa munthu ndi malungo. Madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, pakati pawo Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, anasonyeza mu 2004 kuti mwa ana amene anamwalira akuganiziridwa kuti anali ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anafa ndi matenda ena, ngakhale kuti tizilombo tinalimo m'magazi mwawo, ndipo kuunika mkati mwa diso n'kumene kunkasiyanitsa bwino magulu awiriwa.

FUNSO: Ndine mnyamata wa zaka 23, ndimagwira ntchito ya ulonda. Ndili kwathu ku Chikwawa kunabwera anthu a kafukufuku amene ankabaya anthu pachala, ana ndi akulu omwe, n'kudonthezera magazi pa timapepala toyera timene ankatiyanika pamthunzi ndi kutiika m'timatumba ta pulasitiki. Zotsatira za timapepalato sitinazimve mpaka lero, ndipo agogo anga amati magaziwo anakagulitsidwa. Kodi ankafunanji? — Wowerenga wa ku Hillbrow

YANKHO: Achimwene, zimene mwalongosolazo ndi njira yodziwika bwino yosungira magazi a kafukufuku wa malungo. Timadontho titatu kapena tinayi touma pakapepala sitingaikidwe m'thupi mwa wodwala aliyense. Ubwino wa kapepalako ndi wakuti magazi akauma, ma antibody ndi DNA ya tizilombo zimafika ku labu zili bwino popanda kufuna firiji panjira. Kumeneko amadula kachidutswa kozungulira ka mamilimita ochepa, n'kukaviika m'timadzi usiku wonse kuti ma antibody asungunukiremo, kenako amayeza ndi njira yotchedwa ELISA, imene imasintha mtundu wa timadzito ngati ma antibody alimo. Makina atsopano amatha kuyeza mitundu makumi angapo pa kachidutswa kamodzi. Kachidutswa kena amakayeza ndi PCR, imene imapeza tizilombo ngakhale titachepa kufika pa 5 mu microlitre imodzi.

Apa ndi pamene kuyeza kumene tawakaniza bambo a ku Rosettenville kumakhala ndi phindu lalikulu. Kwa munthu mmodzi sikunena kanthu kothandiza, koma mukayeza anthu mazana angapo a m'dera limodzi n'kuwandandalika malinga ndi zaka zawo zakubadwa, mumaona mbiri ya malungo a deralo. Ngati ana ambiri a zaka 3 ali kale ndi ma antibody, ndiye kuti malungo akufala kwambiri pakali pano, pakuti chilichonse chimene mwana wa zaka 3 wakumana nacho chachitika m'zaka zitatu zomwezi. Ngati akuluakulu onse ali nawo koma ana osakwana zaka 10 alibe, ndiye kuti china chake chinasintha zaka 10 zapitazo, kaya ndi maneti kaya ndi kupopera mankhwala m'nyumba. Mu 2005, Chris Drakeley wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi anzake anasonyeza zimenezi m'midzi ya kumpoto chakum'mawa kwa Tanzania, kuchokera kuchigwa mpaka kumapiri: mudzi ukakhala pamalo okwera kumene udzudzu ndi wochepa, anthu ake ankachedwa kupeza ma antibody a MSP-1, ndipo changu chimene ankawapezera chinkagwirizana ndi kuchuluka kwa kulumidwa m'mudzimo.

Njira yakale ndi yowerenga anthu amene ali ndi tizilombo m'magazi tsiku limene ayezedwa. Ndi imene kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Malaria Indicator Survey amagwiritsa ntchito, ndipo anapeza tizilombo mwa ana 43 pa 100 alionse osakwana zaka 5 mu 2010, ndi 24 pa 100 alionse mu 2017. Njirayi ndi yabwino, koma zotsatira zake zimatengera mwezi umene mwayeza, chifukwa Malichi ndi Okutobala sizifanana, ndipo kumene malungo atsala pang'ono kutha, monga kumpoto kwa KwaZulu-Natal, mukhoza kubaya anthu ambirimbiri osapeza kanthu, malungo akufalabe mwapatalipatali. Ma antibody sasintha msanga ndi nyengo, choncho amaulula midzi imene yatsalira. Masiku ano akatswiri amasankhanso ma antibody osakhalitsa, monga a puloteni ya Etramp5, kuti adziwe amene anagwidwa m'miyezi yaposachedwa, ndipo palinso ena olimbana ndi puloteni ya m'malovu a udzudzu yotchedwa gSG6, amene amasonyeza kuchuluka kwa kulumidwa ngakhale munthuyo sanadwale.

Zotsatira za kapepala kawirikawiri sizibwezedwa kwa munthu payekha chifukwa zimatuluka patapita miyezi, zimakhala ndi nambala m'malo mwa dzina, ndipo sizisintha chithandizo cha aliyense. Zimene zimanenedwa pompopompo ndi za RDT, kuti wopezeka ndi malungo apatsidwe LA. Komabe agogo anu asasekedwe chifukwa cha nkhawa yawo. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo ku Malawi amayenera kuvomerezedwa ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee kapena ina yotchedwa COMREC (College of Medicine Research and Ethics Committee), ndipo woyezedwa aliyense amayenera kufotokozeredwa m'chilankhulo chake, kusaina kapena kudinda chala, ndi kusiyiridwa pepala lokhala ndi nambala ya foni yofunsirapo. Ife timaona kuti ofufuza ayeneranso kubwerera kwa amfumu ndi anthu awo kukanena zimene anapeza m'deralo. M'dziko limene linaona anthu osalakwa akuphedwa chifukwa cha mphekesera za anamapopa zimene zinabuka ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, si bwino kutenga magazi a anthu n'kungoti zii.

FUNSO: Ndili ndi mimba ya miyezi 5, yachiwiri, ndipo mwana wanga woyamba wa zaka ziwiri anabadwira konkuno. Apongozi akufuna tipite ku Salima akaone mdzukulu wawo. Amuna anga akuti mwanayo anatengera magazi athu, choncho malungo sangamuvute, komanso akuti tikafika tikamubayitsa katemera wa malungo. Kodi akunena zoona? — Mayi wa ku Diepsloot

YANKHO: Mayi, ngati n'kotheka pemphani apongozi kuti ulendowu udikire, kapena muwatumizire ndalama ya basi kuti abwere ndi iwo. Chitetezo chimene tikunenachi sichitengera kumtundu. Munthu aliyense amachipeza yekha polumidwa ndi kudwala. Mayi amapatsira mwana wosabadwa ma antibody ake kudzera m'nsengwa, koma amenewa amatha mwanayo akamafika miyezi pafupifupi 6 chibadwire. Mwana wanu ndi wosatetezeka mofanana ndi mwana wina aliyense wobadwira mu Gauteng, ndipo pa msinkhu wakewo malungo amafika poopsa mofulumira, nthawi zina tsiku limodzi lokha.

Kwa inu mwini, mimba ili ndi ngozi yakeyake. Pali tizilombo timene timatulutsa puloteni yotchedwa VAR2CSA, imene imachititsa maselo ogwidwa kumatirira m'nsengwa, ndipo zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi kwa mayi, mwana wobadwa wochepa thupi kapena wosakwana masiku, ndipo mwa amayi opanda chitetezo, kupita padera ndi malungo aakulu. Ma antibody olimbana ndi puloteni imeneyi mayi amawapeza akagwidwa ndi malungo ali woyembekezera, n'chifukwa chake kumudzi mimba yoyamba ndiyo imavuta kwambiri, zotsatira n'kumapepukirako. Inu mimba yoyamba munaiyendera ku Johannesburg, kotero kuti ku nkhani ya malungo ino ndiye yoyamba. Komanso tizilombo tikabisala m'nsengwa, magazi a pachala akhoza kuoneka oyera pa maikulosikopu. Fansidar amene amayi amalandira ku sikelo ku Malawi kuyambira mwezi wachinayi anakonzedwera amayi okhala komweko, ndipo sakwanira kuteteza mlendo. Ngati ulendo sungalephereke, onanani ndi dokotala nthawi ikadalipo kuti asankhe mankhwala oyenera inu ndi oyenera mwanayo, pakuti doxycycline ndi woletsedwa kwa nonse awiri.

Katemera wa RTS,S, amene dziko la Malawi linayamba kupereka pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, amabayidwa kanayi kuyambira mwana ali ndi miyezi 5, ndipo majakisoni atatu oyamba amatalikirana mwezi umodzi. Katemerayu amachepetsa malungo koma sawathetsa, ndipo jakisoni mmodzi wobayidwa pa tchuthi cha masabata atatu sangamuteteze mwana pa ulendo umenewo.

FUNSO: Mlamu wanga amene timakhala naye nyumba imodzi wapezeka ndi malungo, koma sanatuluke mu Gauteng kwa zaka zoposa zitatu. Amene tangobwera kumene kuchokera kumudzi ndife. Kodi tinamupatsira? — Bambo wa ku Yeoville

YANKHO: Bambo, malungo sapatsirana pokhudzana, podyera mbale imodzi kapena pogona chipinda chimodzi. Chimene chimachitika kawirikawiri pa nkhani ngati imeneyi ndi chakuti udzudzu wokhala ndi tizilombo umakwera basi, minibasi kapena lole, mwinanso kubisala m'katundu, n'kudzatulukira kuno kumene umatha kukhala ndi moyo masiku angapo nyengo ikakhala yotentha. A National Institute for Communicable Diseases, amene ali ku Sandringham, amafufuza odwala oterewa mu Gauteng pafupifupi chaka chilichonse. Ndi ochepa, koma imfa zimachuluka pakati pawo chifukwa palibe amene amaganizira malungo mwa munthu amene sanayende. Njira ina ndi kuikidwa magazi a munthu amene ali ndi tizilombo osadziwa, n'chifukwa chake a South African National Blood Service amafunsa opereka magazi za maulendo awo ndi kuwadikiritsa. Ku Britain opereka magazi amene anakhalapo kudera la malungo amayezedwa ma antibody, chifukwa kumeneko chimene akufuna kudziwa ndi chakuti ngati munthuyo anakumanapo ndi malungo, ndipo funso limenelo kuyezaku kumaliyankha bwino. Inu ndi ena onse a m'nyumbamo khalani tcheru kwa masabata angapo, ndipo aliyense amene atenthe thupi akayezedwe tsiku lomwelo n'kuwauza achipatala za mlamu wanuyo. Ulendo wina mukamadzatsitsa katundu, zikwama ndi matumba muzitsegulire panja, ndipo ngati mwabwera pa galimoto yanu, muipopere mankhwala ophera udzudzu zitseko zili zotseka musanaiimike pafupi ndi nyumba.